Akuti Sindine Mayi wa Tsabola

Lolemba, 9 Juni

Amuchotsa sukulu mwana wanga. Kwangotsala masabata atatu kuti alembe mayeso a Fomu 2, ndipo amuchotsa.

Watulukira kuntchito kwanga cha m'ma teni, chikwama kumsana, magazi pa kolala ya yunifomu. Ine simbi ili m'manja, ndikusita malaya a kasitomala. Ndinati wavulala pati? Akuti magaziwo si ake. Kuyankha kwake ngati ndamufunsa nthawi.

Wamenya mnyamata wa m'kalasi mwake ndi dasitala, kathabwa kaja kofufutira pa bolodi. Pamphuno penipeni. Ahedi amuuza kuti apite kwawo, asapondenso pasukulu mpaka komiti ya chilango idzakhale Lolemba likubwerali. Mawa kholo lipite. Ndipo mayi wa mu ofesi wamunong'oneza pakhomo kuti ayambiretu kufunafuna sukulu ina.

Ndafunsa kuti wamumenyeranji. Zii. Ndafunsa mokoma, ndafunsa mokalipa, ndafunsa simbi ili m'mwamba. Zii. Dzina loti Tsabola tinamupatsa chifukwa pakamwa pake sipazizira, mwana amatsutsana ndi wailesi yomwe. Lero ndiye wasanduka chipupa.

Malaya aja ndawawotcha kumsana. Abwana sanaone. Ndawapinda bwinobwino, kopsako kuli mkati.

Kope ili ndi lake lakale la masamu, kwatsala masamba kumapeto. Ndikulemba muno chifukwa ndilibe womuuza. Ine ndi Achemwali sitiyankhulana.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndabwerako. Ndikasimba bwinobwino ndilira, ndiye ndisimba moseka.

Tinafika belu litalira kale. Pageti pali alonda, mdala wa chikhoti chachitali ngati akudikira chisanu cha chaka chamawa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe, yunifomu ili kuti? Wachedwanso. Tola mapepala kuyambira apa mpaka pamtengo apo." Ndinati bambo, ine ndine kholo. Anaseka mpaka kutsokomola. "Kholo la chidole?" Ndipo uchitsiru wanga, ndinatoladi mapepala awiri ndisanakumbuke kuti ndili ndi zaka 29.

Mu ofesi yoyamba muli mayi uja wonong'ona. Ana amamutcha Mayi Chidindo, chifukwa chilichonse chimene chagwera pa tebulo lake amachimenya chidindo, kaya ndi chala chako. Anatilowetsa kwa ahedi, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Pawindo panadzaza mitu ya ana ngati kwabwera kanema.

Ahedi ndimawadziwa, iwo sandidziwa. Masuti awo amachapidwa kwathu. Buluku limene anavala lero ndinalisita ine Lachisanu, ndipo batani la m'chiuno talisuntha kawiri chaka chino. Koma munthu wosita zovala palibe amamuyang'ana nkhope.

"Ndiwe ndani wake?"

"Mayi ake." Mawu anatuluka aang'ono ngati ndikupempha mchere.

Anavula magalasi. Anapukuta. Anavalanso, mwina ndikula.

Kenaka anaitanitsa fomu imene tinadzaza mwana akuyamba Fomu 1. Pamzere wa mayi pali dzina la Achemwali. Siginecha ya Achemwali. Nambala ya foni ya Achemwali. Anafunsa Tsabola pamaso panga kuti awa umawaitana kuti chiyani. Mwana anayang'ana pawindo, anayang'ana ine, anayang'ana pansi.

"Sisi."

Basi, zinathera pomwepo. Akuti ana a masiku ano amakalemba ganyu makolo pa siteji ya basi. Teremu yatha mnyamata wina anabweretsa bambo amene anali atakhalapo kale bambo wa ana atatu pasukulu pomwepo, mpaka anasokoneza mayina. "Koma iwe," akuuza Tsabola, akuloza ine ndi cholembera, "ukanasankhako wooneka wotopa." Wotopa! Ndimaima kuyambira seveni mpaka faifi, miyendo imatupa ngati mikate, akuti sindikuoneka wotopa.

Ndiye milandu yakhala iwiri. Kumenya mnzake, ndi kubweretsa kholo labodza. Ndinapita kukamupepesera umodzi, ndabwera nayo iwiri.

Tinauyamba wobwerera. Iye kutsogolo, ine kumbuyo. Munthu wotiona akanati ana awiri athawa sukulu.

Lachitatu, 11 Juni

Ndilembe zoona, kope silikauza munthu.

Ndinamubereka ndili ndi zaka 15, sitandade 7. Sukulu yanga inathera pomwepo. Palibe komiti inakhala, palibe anandifunsa kanthu. Madamu a kalasi yathu anangonditengera kuseri, kundikweza malaya, kundiuza kuti usabwerenso. Juzi yanga imene ndinaiwala pa desiki anachita kunditumizira. Za bambo wake ndisawonongere inki.

Kuyambira ali wamng'ono ndinamuuza kuti m'nyumba ndine amayi, pamsewu ndine Sisi. Ndinatopa ndi anthu a masamu. Ukangotchula zaka za mwana, umaona milomo ya munthu ikuchotsera. Mwana anamvera. Chinthu chimodzi chokha chimene wandimverapo moyo wake wonse, ndipo ndi chimene chatigwetsa.

Tsiku lolembetsa Fomu 1 tinapita atatu. Makolo enawo a mimba zawo, a imvi zawo, makiyi a galimoto akulira m'manja. Fomu ya Chingerezi, timabokosi ting'onoting'ono. Ndinangopereka cholembera kwa Achemwali. Iwo ndi aakulu kwa ine ndi zaka 12, akakhala pampando munthu amadziwa kuti pakhala kholo. Kalata yobadwira ya mwana anasunganso iwo, ili mu sutikesi yawo mpaka lero, chifukwa kwathu kumadontha.

Ndiye bwanji osawaimbira? Ee, funsa iwe kope. Miyezi 8 yapitayo anati Tsabola azikakhala kwawo, kuli tebulo lowerengera ndi chipinda chake chake. Ndinakana. Iwo akuseka anati, "Pa pepala paja mwanayu ndi wanga." Ine pakamwa panga pano panatuluka kuti, "Berekani wanu." Achemwali akhala pabanja zaka 16, alibe mwana. Anangotenga chikwama chawo, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Bola akanachimenyetsa.

Tsabola akuti, "Ndipite ine kwa amayi aakulu?" Ndati ayi. Akapitako ndiye kuti pepala lawina.

Kuntchito ndawauza Abwana pang'ono. Akuti, "Ahedi aja amatibweretsera masuti sikisi, makatani a sukulu yonse. Usandiyambanitse nawo, wamva?" Ndamva bwana. Masuti sikisi, mwana wanga mmodzi.

Nditaweruka ndakumbukira chinthu. Kabuku ka malamulo a sukulu kamene anatipatsa tsiku lolembetsa kakhala zaka ziwiri pansi pa mwendo wa kabati kuti isamagwedezeke. Ndakasolola, kabati yapendekeka, mbale imodzi yatisiya. Tsabola amawerenga Chingerezi n'kumandimasulira, nkhope ili gwaa. Masamba 20 ndi a zimene mwana sayenera kuchita. Tsitsi, masokosi, ndolo, chingamu, kuseka pa asembule. Tsamba limodzi lokha kumapeto, la zilembo zonga nyerere, ndi la zimene sukulu iyenera kuchita.

Akuti mwana akaimitsidwa, chifukwa chake chilembedwe pa kalata, kholo lilandire. Ife kalata tilibe. Akuti asachotsedwe asanamvedwe mbali yake, kholo lake lili pomwepo. Ali kunyumba azipatsidwa ntchito ya m'kalasi. Ndipo akagamula zosatikomera tili ndi masiku 7 ochita apilo. Ndamuuza abwereze katatu. Ndalemba pachikhatho ngati wobera mayeso.

Tsamba 21. Ine nthawi yanga ija linali kuti?

Lachinayi, 12 Juni

Ndapempha ola limodzi kwa Abwana, ndati dzino. Lachiwiri ndinati mutu. Ziwalo zikutha.

Alonda lero sananditume mapepala. Angoti, "Kholo la chidole labweranso," n'kutsegula geti ndi phazi.

Ndinaika kabuku pa tebulo la Mayi Chidindo, dzenje la mwendo wa kabati lili pachikuto. Ndinati ndabwera kudzatenga kalata ya chifukwa, tsamba 21. Anandiyang'ana ngati mbuzi yapempha nyuzipepala. Analowa kwa ahedi. Ndimamva kudzera pachitseko: "Wamupatsa ndani kabukuko?" Munatipatsa ndinu bambo. Simunkaganiza kuti wina adzawerenga mpaka kumapeto.

Anatuluka ndi pepala lina, mawu atafewa ngati buledi wa mu tiyi. "Mwana wanga, tisavutane. Saina apa kuti mwanayu mukumuchotsa mwa kufuna kwanu. Sipakhala komiti, sipakhala mbiri yoipa, timupatsa kalata yabwino yopitira kwina." Cholembera anachita kundigwiritsa.

Ndinatsala pang'ono, kope iwe. Ife kuntchito munthu wa taye akakulozera pamzere umasaina, suwerenga. Nsonga inali itakhudza kale pepala, kadontho kalipo. Kenaka mutu unabwerera. Kwina kumeneko ndi kuti? Sukulu yake iti imalandira mwana mayeso atafika pakhomo, dzina lake litalembetsedwa kale kuno?

Ndinati mayi, taimani kaye. Lachiwiri sindinali kholo. Lero pofuna kuti mwana achoke ndakula, ndakhala kholo? Siginecha yanga imagwira ntchito potuluka pokha?

Chidindo chinaima m'mwamba. Koyamba chimangireni sukuluyo, ndikukhulupirira.

Kalata andipatsa. Dzina la Achemwali pa envelopu, koma ndaitenga. Ntchito ya m'kalasi andipatsanso, mapepala 11. Tsabola ataona anati, "Amayi, pa malamulo onse aja munasankha kumenyera limeneli?" Chipongwe chake choyamba kuyambira Lolemba. Ndinamva kukoma ngati wandiimbira nyimbo.

Koma chimene anamenyera mnzake, zii. Ndamuuza kuti ufulu woyankhula uli nawo, tsamba 21. Akuti ulinso ufulu wokhala chete. Umenewo m'kabuku mulibe, kaya wautola kuti. Lolemba akakangokhala chete chonchi, tsamba langa lithandiza ndani?

Lachisanu, 13 Juni

Mwini malaya opsa aja wabwera. Abwana anena mawu ambiri, ena sindinawamvepo chibadwire. Nkhani ya tsiku lina.

Ya lero ndi iyi. Masana kunalowa mayi wamkulu ndithu, mafuta onunkhira atatsogola, atanyamula shati ya yunifomu m'thumba la pulasitiki. Magazi kutsogolo konse. "Muisite, koma musaichape. Lolemba ndikukaionetsa ku komiti."

Ndinadzutsa mutu. Iwo anadzutsa nsidze. Madamu. Madamu anga a sitandade 7, omwe aja anandikweza malaya kuseri kwa kalasi. Anenepa, tsitsi ndi logula, koma maso ndi omwe aja. Ndiye mnyamata amene sabata yonse ndakhala ndikumutcha Mphuno m'mutu mwangamu ndi mwana wawo wotsiriza.

"Ndiwe kodi," anatero. "Ndinakuona tsiku lina pamsika uli ndi kamtsikana kaja. Katengera iwe."

Ndinati Madamu, mwana wanu anamuuza chiyani mwana wanga?

Anayang'ana mahang'ala. "Ana amangobwereza zimene amva." Atatero anadziluma mlomo, n'kutuluka osatsazika.

Amva kuti? Patebulo la ndani?

Shati ndaisita ndi mtima wonse. Magazi akapsa ndi simbi sachokanso mpaka shati idzathe. Sanandifunse, sindinawauze.

Kunyumba ndinamupeza Tsabola ali pa mapepala ake 11. Sindinakalipe. Ndinakhala pansi pafupi naye, nsapato zili kuphazi. Ndinati, ananena za ine eti? Cholembera chinaima. Misozi inagwera pa samu.

"Munati ndisauze munthu."

Akuti Lolemba ahedi atamufunsa chifukwa, mu ofesi munali aphunzitsi anayi. Akanabwereza mawu a Mphuno onse akanadziwa kuti Sisi si sisi. Ndiye anangoti bola andichotse.

Ndinati nanga Lachiwiri, ine nditanena ndekha kuti ndine mayi ako? Akuti, "Munanena mukuyang'ana pansi, Amayi. Anzanga ali pawindo. Ndinaona ngati mukufuna ndikupulumutseni."

Mwana wa zaka 14 kupulumutsa ine. Ine ndimati ndikumenyera iye nkhondo, kumeneko iye wakhala akumenya yanga, ndi dasitala yemwe.

Mawu enieniwo wakana kundiuza, akuti si onena kwa amayi. Ndamuuza kuti Lolemba unene zonse, pamaso pa aliyense. Akuti, "Mukutsimikiza?" Pakamwa panati ee.

Loweruka, 14 Juni

Ndinapita kwa Achemwali. Shopu yawo ya utelala ili kutsogolo kwa nyumba yawo, kuseri kwa ogulitsa matayala. Mu basi monse ndimaloweza mawu. Ndinalakwa. Pepani. Mwana ali pamavuto. Atatu okha, mwana wa sitandade 1 akhoza.

Ndinaima pakhomo. Iwo ali pa makina, tepi m'khosi, mapini pakamwa. Pakhoma, pakati pa madiresi a anthu, pali siketi yatsopano ya yunifomu ya kusukulu kwa Tsabola. Kapepala kobayidwa ndi pini: Tsabola, Fomu 3. Anasoka kale ya chaka chamawa. Mwana sanamuyeze miyezi 8, koma anadziwa powonjezera.

Anandiona. Anachotsa mapini pakamwa, imodzi imodzi.

"Takulandirani mayi. Mukufuna kusoketsa chiyani?"

Mayi. Mukufuna. Ine amene anandisambitsa, amanditi iwe kuyambira ndili pa thewera. M'shopumo munali makasitomala awiri, makutu ataima ngati a galu.

Pakamwa panga pomwe paja. "Ndimangodutsa."

"Dutsani bwino."

Makina anayambanso kulira.

Ndabwerera, envelopu ya dzina lawo ili m'chikwama. Tsiku logawa nzeru ine ndinali ndikusita.

Koma dikira. Lolemba Madamu adzakhalapo. Amandidziwa, mimbayo anaiona ndi maso awo. Akangoti inde uyu ndi mayi wake, zatha. Achemwali akhale ndi mapini awo.

Lamlungu, 15 Juni

Yunifomu yake ndaisita katatu, mizere yake ungadulire buledi. Ine ndabwereka diresi pa hang'ala ya zovala zimene eni ake anaziiwala, ya buluu ya mapewa otukuka, yakhala pamenepo chaka. Ndawonjezera duku kuti ndikule. Tsabola akuti ndikuoneka ngati mwana wavala katani. Ambuye, mwini diresi asakhale mu komiti.

Lolemba, 16 Juni

Ndili pa benchi panja pa chipinda cha aphunzitsi. Kwatsala pang'ono kuti ikwane leveni. Ndilemba msanga.

M'katimo muli anthu asanu kuseri kwa tebulo lalitali. Wapampando ndi kholo ngati ine, makanika, ovolosi ikusuzumira pansi pa jekete, maso pa wotchi. Ahedi kumapeto, suti ya batani ija. Mayi Chidindo ndi chidindo chake. Mbali inayi Madamu ndi Mphuno, pulasitala yaikulu ngati chitseko, chonsecho Lachisanu ndinamuona akusewera mpira wopanda pulasitalayo. Shati yamagazi ili pa tebulo, yositidwa bwino. Ntchito ya manja anga.

Ahedi anawerenga milandu iwiri ija mothamanga ngati pemphero la chakudya, n'kuti komiti igamule. Ndinaimika dzanja ngati mwana wa sukulu. Ndinati tsamba 21, mwana sanamvedwe. Wapampando anatenga kabuku, anawerenga ndi chala ngati ine ndemwe, anati, "Zoona. Mtsikana, yankhula."

Tsabola anandiyang'ana. Ndinavula duku lija, linali likundiyabwa kale. Ndinati nena mwanawe. Zonse. Ulendo uno sindinayang'ane pansi.

Anaimirira. Akuti kuyambira teremu yatha Mphuno amamunong'oneza zinthu m'kalasi. Tsiku lija anajambula pa bolodi mtsikana wa yunifomu wa chimimba, pansi pake n'kulemba kuti Sisi wa Tsabola. Kenaka anauza kalasi yonse kuti, "Kwawo mimba ndi mayeso a sitandade 7, uyu wachedwa nayo." Tsabola anatenga dasitala kuti afufute. Mphuno anatchinga bolodi.

"Ndiye ndinafufuta iyeyo."

Bambo wina wa komiti anagwidwa ndi chifuwa mwadzidzidzi, nkhope mu kampango.

"Kumenya ndinalakwa, chilango chake ndilandira. Koma kholo labodza sindinabweretse." Anatembenuka, kundiloza ndi dzanja lonse, mawindo ali odzaza mitu ya anzake. "Awa si Sisi. Awa ndi amayi anga. Anandibereka ali ndi zaka 15, ndipo ndi amene amasita masuti a ahedi."

Zomalizazo sitinapangane. Ahedi anagwira batani lawo.

Amayi anga. Pagulu, mokweza. Zaka 14 ndinali ndisanamvepo, chifukwa ndinaletsa ndekha. Diresi ya mwini wake yanyowa pachifuwa ponse.

Ndinati funsani Madamu awa, anandiphunzitsa, ndi amene anandichotsa sukulu. Madamu anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa mayankho. "Ndaphunzitsa ana ambiri, sindingakumbuke onse." Lachisanu amandikumbuka ndi pamsika pomwe.

Apa ahedi anamwetulira, n'kutsegula kabuku kanga komwe. Akuti mayiyu wanena zoona, lamulo likuti kholo likhalepo. Ndipo kholo limene sukulu ikulidziwa ndi lolembedwa pa fomu. Popanda ilo komiti singagamule, nkhani idikire komiti yotsatira. Yotsatirayo ndi teremu yamawa. Mpaka pamenepo mwana akhalebe kunyumba. Ndinati ndichita apilo. Akuti apilo ya chiyani, chigamulo palibe. Mayeso adzakhala atadutsa. Tsamba 21 langa lomwe landitembenukira.

Wapampando anayang'ana wotchi, anayang'ana ine nthawi yaitali. Akuti iye ali pano mpaka belu la twelofu, likalira akubwerera ku galaja, kuli galimoto ya munthu ili m'mwamba. Mayi wa pa fomu akafika ndi kalata yobadwira yosonyeza kuti mayi ndi ine belu lisanalire, mlandu wa kholo labodza ufa, wa mphuno augamula lero lomwe, ndipo mmene wamvera iye si wochotsera mwana sukulu. Tsabola amusunga m'kati, akulemba zimene wanena.

Ndawaimbira foni Achemwali kasanu ndi kamodzi. Ikulira, sakuyankha. Kaya ili mu dirowa, kaya akuona dzina langa.

Alonda abwera pano, chipewa chili m'manja. Anamva zonse pawindo pamodzi ndi ana. Akuti, "Mayi, pepani za mapepala zija." Akuti njinga ali nayo, geti asiyira wophika, telala wa kuseri kwa matayala akumudziwa, ndi mphindi 20. "Lembani kakalata mayi, ndikawanyamula pa kaliyala."

Tsamba lotsatirali nding'amba. Ndi lomaliza lomwe.

Achemwali, ndine. Loweruka sindimangodutsa. Ndinabwera kudzapepesa, pakamwa panandilaka. Mawu ndinakuuzani aja ndi oipa, ndawanyamula miyezi 8, akundiwotcha kuposa simbi. Mudzanditukwane madzulo, ndidzakhala chete mpaka mutope. Koma pano Tsabola ali m'manja mwa komiti ya sukulu, akufuna kumuchotsa. Wauza sukulu yonse kuti ndine mayi wake, tsopano akufunika mayi wake winayo, wa pa pepala, inu. Belu la twelofu likalira musanafike salemba mayeso, siketi ya Fomu 3 ija idzangokhala pakhoma. Tengani kalata yake yobadwira, ili m'thumba la m'kati mwa sutikesi ya bulauni. Siyani makina, mapini lavulani, musasinthe ndi zovala zomwe. Kwerani njinga ya mdala uyu, ndi munthu wabwino. Bwerani Achemwali. Chonde bwerani pompano.